Buku, foni kapena chipatala: zomwe ndayesa ndi mwana wanga wa autism

Amayi anzanga, ndi azibambo omwe chifukwa ndikudziwa mumawerenga ngakhale simuyankhapo, mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi loti ndiyambire pati ndi mwana yemwe akuoneka ngati ali ndi autism, kakulidwe ka ubongo komwe kamapangitsa kuti kuyankhula ndi kucheza ndi anthu kuzimuvuta. Wina amafuna ndimutumizire buku, wina akuti pa YouTube pali zonse bola bandulo, wachitatu ndi mayi wa ku Mtandire amene anasunga kale ya minibasi yopitira kuchipatala koma amuna awo akuti dikira kaye, ngakhale ife tinachedwa kuyankhula. Nde ndati ndingolemba kamodzi, chifukwa njira zonsezi ndadutsamo ndipo sizofanana ayi, ina imakupatsa chomwe inzake ilibe.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 6, timakhala ku Area 25. Ali ndi zaka ziwiri ukamuitana dzina sankatembenuka, koma paketi ya bisiketi ikangolira kuchipinda ankatulukira akuthamanga. Sankaloza chinthu ndi chala, ankangogwira dzanja lako n'kulikokera pa ndowa ya madzi. Zivindikiro za mabotolo ankazindandalika pakhonde mzere umodzi, wina akasuntha chimodzi ndiye kulira mpaka aneba kutuluka. Apongozi anati kuli dzanja la munthu, ena kutchalitchi anati ndamulekerera. Ine ndinkangolira usiku ndi foni m'manja.

Ndiyambe ndi chipatala, chifukwa pali zinthu zoti buku kapena vidiyo sizingakuchitire ngakhale utawerenga usiku wonse. Foni siyeza makutu a mwana. Mwana wosamva bwino amatha kuoneka ngati wa autism, ndipo khunyu limapezeka kwambiri mwa ana a autism kuposa mwa ana ena, lina losagwetsa n'komwe, mwana amangoti duu maso pamodzi kwa kanthawi. Izi ndi za adokotala basi. Njira yake mumayambira kusikelo komwe mumapita kale, tengani buku la kuchipatala la mwana, fotokozani zomwe mukuona, pemphani kalata yopitira ku Kamuzu Central kukaonana ndi adokotala a ana. A St John of God ku Area 43 nawonso amaona za maganizo ndi makhalidwe. Musadabwe kuti satenga magazi, autism siipezeka m'magazi, amayang'ana mmene mwana akusewerera, ngati akukuyang'anani, ngati akuloza, ndi mayankho anu. Pali mafunso 20 ofunsa makolo pofufuza zizindikiro za autism, otchedwa M-CHAT, a ana a miyezi 16 mpaka 30, ndiponso pali chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT chomwe anachikonzera konkuno ku Malawi n'kuchisindikiza mu 2010, nde musamve ngati zonse ndi za azungu.

Koma kuchipatala ndi kochepa mphindi, amayi anzanga. Akatswiri ophunzitsa kuyankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, deti yobwereranso imatha kukhala kutali, ndipo kukwera minibasi ziwiri ndi mwana yemwe phokoso la mudepoti limamupweteka m'makutu si masewera. Pa kachipatala kena komwe ndinayambira munthu wa yunifomu anandiuza pamaso pa mzere wonse kuti mwanayu ndi wopusa chabe, mukamukwapule. Ndinabwerera kunyumba ndipo panatha miyezi inayi ndisanayesenso, miyezi imeneyo imandiwawa mpaka lero. Mukakumana ndi wotere pitani pena, alipo abwino omwe anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Koma ngakhale wabwinoyo amakuonani mphindi zowerengeka, kenako mwezi wonse muli nokha ndi mwana kunyumba. Apa ndi pomwe zinazi zimalowera.

Mabuku ndawerenga atatu ndipo onse ndinachita kubwereka kapena kutumiziridwa ndi mlamu wanga wa ku Johannesburg, m'mabukushopu a mutauni muno ine ndinkangopeza a silabasi ndi a mapemphero. An Early Start for Your Child with Autism, lolembedwa ndi Sally Rogers, Geraldine Dawson ndi Laurie Vismara mu 2012, ndi lomwe lili ndi nyama yambiri, limakuphunzitsa kusandutsa kudya, kusamba ndi kuvala kukhala nthawi yophunzira. More Than Words la Fern Sussman, la bungwe la Hanen ku Canada, ndi lopepukirapo chifukwa muli zojambula zambiri, ukatopa ndi chizungu umangoyang'ana chithunzi n'kumva. Pa awiriwa, amene chizungu chimawalemera ayambe ndi la zithunzili. Lachitatu ndi Thinking in Pictures la Temple Grandin la 1995, ili silikuphunzitsa zochita mawa m'mawa, koma wolemba wake ali ndi autism iye mwini, anachedwa kuyankhula ali mwana, kenako anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Nditawerenga mmene amafotokozera kuwawa kwa phokoso ndi zovala zokanda ndi pomwe ndinasiya kumukakamiza mwana wanga juzi ija ankaivula tsiku lililonse. Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala pulofesa, ena adzafuna chithandizo moyo wonse, koma bukuli linanditsegulira za mkati mwa mutu wake.

Vuto la mabuku mukulidziwa kale. Mtengo uli m'madola ndipo foreksi ndi momwe ilirimu, onse ndi a chizungu, ndipo amalembera mayi yemwe ali ndi bafa losambira, chipinda cha zidole, ndi katswiri wobwera kunyumba kangapo pa sabata. Umachita kumasulira kawiri, chizungu kupita ku Chichewa, kenako moyo wa ku America kupita ku moyo wa beseni ndi mbaula. Buku lomwe limatidziwa ife ndi Disabled Village Children la David Werner la 1987, a Hesperian analiika laulere pa intaneti, nkhani yake yaikulu si autism koma mitu ya kakulidwe ka mwana ndi zidole zopanga wekha kunyumba ndi yothandiza.

Tsopano chomwe ine ndimachiika patsogolo, ndipo apa sindibisa mbali yanga, ndi maphunziro a WHO otchedwa Caregiver Skills Training, mwachidule CST. Anawakonza mogwirizana ndi bungwe la ku America la Autism Speaks, ndi a makolo ndi olera ana a zaka 2 mpaka 9 omwe akuchedwa kuyankhula kapena kukula, ndipo safuna kuti mwana akhale atapezeka kale ndi autism ndi dokotala, mutha kuyamba uku mukudikira deti. Akamaphunzitsa pamaso ndi pamaso amakhala magawo 9 a pagulu ndi maulendo 3 oyendera kunyumba, anayesedwa m'mayiko ngati Ethiopia ndi Kenya, ndipo mu 2022 anatulutsa aulere a pa intaneti oti munthu aziphunzira yekha. Kusiyana kwake ndi mabuku aja ndi koti awa sanalembere olemera okha, sakufuna zidole zodula, ndipo muli gawo la kudzisamalira iwe kholo, chomwe kuchipatala palibe anandifunsapo. Kusiyana kwake ndi YouTube ndi koti ali ndi poyambira ndi pothera, sukungodumphadumpha. Ine ndinawachita m'chizungu pafoni usiku ana atagona, gawo limodzi pa sabata, ndikulemba m'kope m'Chichewa kuti bambo ake ndi mtsikana wantchito aziwerenganso. Amafuna data ndi mtima wodekha, ndipo palibe munthu wokuwongolera ukalakwitsa, chimenecho ndiye chopereweza chake.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi chomwe ndinatolamo. Ndinkamusambitsa mwachangu, sopo, madzi, thawulo, basi, ndili kumbuyo kwake. Maphunzirowa anati khala kutsogolo kwake maso alingane, tsata chomwe iye akukonda, nena mawu amodzi okha, kenako dikira. Iye amakonda madzi akamatsika pamsana. Nde ndinkagwada kutsogolo kwa beseni, ndatunga m'kapu, ndikuti thira, n'kumuthira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinkaimitsa kapu m'mwamba osathira, ndili chete, kuwerenga mumtima mpaka faifi, ndipo kudikira kumeneko ndi kovuta kuposa mmene mukuganizira chifukwa dzanja la mayi limafuna kuthandiza. Masabata awiri oyamba ankangokoka mkono wanga. Kenako anayamba kundiyang'ana kumaso kaye, ndikangoona diso ndinkathira nthawi yomweyo. Tsiku lina Loweruka madzi atayamba kale kuzizira anati "ila". Ndinakuwa mpaka bambo ake anatuluka ndi sopo kumaso. Anali ndi zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Buku la Rogers lija limanena zofananazo, koma ine ndinazimvetsa nditaziona zitasanjidwa pang'onopang'ono mu CST.

Za foni izi, YouTube, TikTok, Facebook ndi magulupu a WhatsApp, ndili ndi mitima iwiri. Vidiyo imaonetsa chomwe buku limangofotokoza. Njira yopempha ndi zithunzi yotchedwa PECS, yomwe Andy Bondy ndi Lori Frost anaiyambitsa ku America mu 1985, ndinaiwerenga kangapo osamva, koma nditaona vidiyo ya mphindi zitatu ndinadzuka n'kudula chikwangwani cha Sobo, chithunzi cha paketi ya shuga, ndinajambula kapu yake ndi chimbudzi chathu n'kukaprintitsa pamsika, kumata pa katoni ndi selotepi. Mpaka pano ali pachitseko cha kukhitchini. Ndipo gulupu ndi yomwe imakuyankha 2 koloko usiku mwana akukana kugona, mayi wa ku Kawale amene sunamuonepo amangolemba kuti nanenso ndili maso, limba. Zimenezo dokotala sangakupatse, buku silingakupatse.

Koma momwemo ndi momwe muli ogulitsa. Munthu akangolemba kuti amachiritsa autism, kaya ndi mabotolo a mavitamini, kaya tiyi wotsuka m'mimba, kaya mafuta odzoza, tsekani chikwama. Autism ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, mankhwala oichotsa kulibe, chomwe chilipo ndi kumuphunzitsa ndi kumumvetsa, ndipo amasintha ndithu. Pali madzi ena otchedwa MMS omwe amazungulira pa intaneti, amenewo ndi bulichi, a FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya ku America, anachenjeza kuti ndi poizoni, musamwetse mwana. Nkhani yoti katemera amayambitsa autism nayonso imabwera mwezi uliwonse ngati yatsopano. Inachokera kwa dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, yemwe mu 1998 analemba m'magazini ya The Lancet za ana 12 okha, magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010 ndipo chaka chomwecho iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala. Kafukufuku wa ana ochuluka zedi pambuyo pake sanapeze kugwirizana kulikonse. Chikuku chimapha ana, mng'ono wake wa mnyamata wanga ndinamubayitsa onse. Za kuchotsa tirigu ndi mkaka m'zakudya umboni wake ndi wofooka, ndipo mwana yemwe amadya nsima ndi mazira okha ukamuchotseranso china atsala ndi chiyani. Kupemphera ndimapemphera tsiku lililonse, koma womanga mwana wanga kapena kumusalitsa kudya ati akuchotsa chiwanda sadzamukhudza.

Za sukulu ndingodutsapo chifukwa ndi nkhani ya payokha. Masukulu ena a boma ali ndi kalasi ya ana ofuna chithandizo chapadera, yokhala ndi aphunzitsi omwe anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, funsani kwa ahedi kapena kwa alangizi a zoni yanu kuti yapafupi ili kuti. Bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM liliponso, ndipo pa 2 Epulo, tsiku lomwe United Nations inakhazikitsa mu 2007 lokumbukira autism, ndi tsiku labwino lodziwana ndi makolo ena. Mu 2023 WHO inkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 ali ndi autism, nde werengani ana a pa sukulu ya pulayimale imodzi yokha ya mu Chinsapo muone kuti tilipo angati omwe tikubisa ana m'nyumba.

Mukandifunsa kuti muli ndi ndalama yokwana chinthu chimodzi chokha mwezi uno, ndinena ya minibasi yopita kuchipatala, makutu ayezedwe, za khunyu zifunsidwe. Mwezi wotsatira bandulo, koma ya CST osati yongoyendayenda pa TikTok. Buku lodula lidikire mpaka mutapeza wobwera nalo kapena musonkhe anthu anayi muzibwerekana, ife tinatero ndi la zithunzi lija ndipo pano chikuto chinachoka. Gulupu lowanimo lero lomwe, koma za mankhwala musatengemo.

Mayi a ku Mtandire aja amuna awo avomera dzulo, atawerenga kope langa lija okha. Lachinayi ndikuwaperekeza, tinyamuka 6 koloko mzere usanatalike, ndawauza atenge buku la kusikelo, kapu yomwe mwana anazolowera, chitenje chomufunditsa kumutu phokoso likachuluka, ndi kavidiyo ka pafoni koonetsa mmene amasewerera kunyumba, chifukwa pamaso pa adokotala ana athuwa nthawi zambiri amangolira osaonetsa kanthu.