Kago ya mtengo wa pa kilo yandidyera katoni yathunthu ya zovala

Abale anga a kunja kuno, ndakhala chete miyezi itatu ndikuti mwina katundu wanga apezeka ndisanyoze anthu pachabe, koma pano ndatopa ndiye mundilole ndikhuthule. Makamaka inu amene mukukonza zodutsa ku Istanbul, ku Turkey, kukagula zovala zotumiza kwathu, khalani pansi kaye.

Ndinatenga tchuthi cha masiku asanu mu Okutobala. Mng'ono wanga anali atangoyamba ntchito ya muofesi ndipo ndinamulonjeza kalekale kuti tsiku limenelo likadzafika ndidzamuveka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amayi nawo amafuna jekete yotentha, ndiye ndinati ndipikulenso tina toti mwanayo azigulitsa kwa anzake kuntchito, ndalama ya ndege ibwerereko.

Za zovala zokhazo sindinganame, kuli zinthu. Ukatsika thiramu ya T1 pa Laleli misewu yonse ndi mashopu okhaokha, ku Merter kuli majinzi ndi matisheti, ku Osmanbey ndi kumene ndinapeza masuti ndi madiresi oti ukavala anthu amatembenuka. Koma dziwani kuti ambiri ndi a holoselo, sakugulitsani imodzi, amati mutenge seri, ndiye kuti diresi imodzimodziyo masaizi anayi kapena asanu m'paketi imodzi. Masaizi awo ndi a ku Ulaya, 38 ndi 10 ya ku UK, nsapato 39 ndi 6, komabe nambala musaikhulupirire kwambiri, ine ndinayenda ndi tepi ya telala m'chikwama ndi miyezo ya mng'ono wanga mu foni, chifuwa, chiuno, mahipi, chifukwa mashopu ambiri a holoselo alibe poyesera. Kunenerera kumatheka ukagwira kashi. Mukalipira pa khadi makina akakufunsani lira kapena mapaundi, dinani lira, reti ya makinawo ndi yolusa. Mpaka apo ndinali dolo, ndikudzitama ndekha mu hotelo.

Tsiku lachitatu majumbo anadzadza bedi, tikiti yanga ndi ya chikwama chimodzi cha 23 kg, komanso ine ndikubwerera ku UK osati kwathu. Mnyamata wa mu shopu ya nsapato ndi amene anati ali ndi m'bale wake wa kago, nkundiperekeza. Kaofesi kake kali pansi, umatsika masitepe, makatoni mpaka kudenga olembedwa ndi makala Lagos, Kinshasa, Dar es Salaam, Lusaka, ndinati eya apa ndiye pathu, anthu ake ndi omwewa. Bamboyo anandilandira ngati wachibale, abla abla, ndiye kuti asisi m'chiyankhulo chawo, kukamwa osachoka, tiyi m'kagalasi, mpando kundipukutira. Anatchula mtengo wa pa kilo wotsika ndithu, nkuti masiku 10 mpaka 14, mpaka m'manja mwa mng'ono wanu, zonse zili momwemo. Ndinafunsa, ndi msonkho womwe? Iye, zonse abla. Ndinafunsanso kachiwiri, anagwira pamtima. Amati safunsa anadya phula, koma inetu ndinafunsa, phula ndinadyera kusamuuza kuti alembe.

Anatulutsa makatoni awiri ofanana, anyamata ake nkupakira mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Ndinkafuna kuchotsa nsapato m'mabokosi ake, iye anati ayi zisiyeni zingapindike. Majekete ofutukuka aja anangowaponyamo momwemo. Pa sikelo ina 14 kg ina 17, ndinalipira makilo 31 kashi, nkundipatsa kalisiti kolemba pamanja, dzina langa, nambala ya mng'ono wanga, 31 kg, ndi liwu limodzi loti tekstil. Mndandanda wa zomwe zili mkati panalibe, ine osaona vuto, mutu uli ku ndege ya mawa.

Nditafika kuno patapita masiku anayi, uthenga pa WhatsApp, abla pali balansi. Balansi ya chani? Akuti ku ndege sanawerengere kulemera, awerengera kukula kwa katoni. Ndinamuimbira mnzanga wina amene amagwira ntchito mu weyahausi, iye nkundiuza kuti ndi zoona lamulolo liripo, amatenga mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi ndi msinkhu m'masentimita nkugawa ndi 6000, makampani a zachangu aja amagawa ndi 5000, ndiye amakulipiritsa chomwe chakula pakati pa nambala imeneyo ndi ya pa sikelo. Katoni yanga inali 60 ndi 50 ndi 40, ndiye 120,000, kugawa ndi 6000 ikukwana 20 kg. Awiri 40 kg. Makilo 9 a mpweya, abale. Ndinalipirira mpweya wa m'mabokosi a nsapato amene iye mwini anandiletsa kuchotsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi choti tepi yoyezera inali pakhosi pake nthawi yonse imene ndimamwa tiyi wake uja, anangodikira kuti ndikwere ndege kaye katundu ali m'manja mwake. Ndikanatani, ndinalipira.

Masiku 14 anakwana, zii. Sabata yachitatu akuti ndege yadzadza. Yachinayi akuti katundu wafika koma ali kwa a msonkho. Nambala yolondolera katundu yomwe anandipatsa ukailowetsa paliponse siitulutsa kanthu, kenako ndinazindikira kuti ndi nambala ya m'buku mwake chabe, iye amaphatikiza katundu wa anthu ambiri nkutumiza pa dzina limodzi, ndiye ku ndege ine kulibeko, sandidziwa.

Sabata yachisanu mng'ono wanga akuimba mawu akunjenjemera. Asisi, aimba anthu aja akuti katundu wafika koma tilipire msonkho, ya kiliyaringi, ndi ya malo osungira, akuti ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Ndinati iwe usapereke kanthu, ndinalipira zonse ine. Ndinamutumizira bambo uja voisi noti yoti mpaka pano ndikaimvera ndimachita manyazi. Yankho lake lofatsa bwinobwino, abla ine gawo langa ndi kufikitsa pa bwalo la ndege, za kumeneko ndi za ejenti wa kumeneko. Nanga m'manja mwa mng'ono wanga muja? Akuti ndinamva molakwika. Ndikayang'ana kalisiti kaja palibe chomwe ndingaloze.

Apa ndiikemonso za ma apu otumizira ndalama chifukwa nawonso anandiwonjezera moto. Ndinathamangira ija imadzitama kuti ilibe fizi, reti yake ndinaiona kuti yadya kale koma ndinati bola changu. Inandigwirira ndalama masiku awiri, akuti tikufufuza, tumizani peyisilipi, tumizani kalata yosonyeza komwe mumakhala, jambulani nkhope mutembenuke uku ndi uku, ukawalembera akuyankha ndi karoboti. Kufufuza sindikukana, ndi malamulo, koma bwanji osafunsa ndalama isanachoke mu akaunti? Masiku awiri amenewo ya malo osungira ikukwera. Ndinabwereka kwa mnzanga nkutumiza pa apu ina ija imadula kafizi koonekera koma imakuuza ndendende zomwe zikafike, mphindi zisanu sizinakwane mng'ono wanga wati zalowa asisi. Imeneyo sindiisiya, andinene kuti ndine wa makani. Ija ya ulere inandibwezera ndalama patatha sabata ndipo ndinaifufuta tsiku lomwelo.

Ndiye mwanayo wapita kukatenga, wapempha kuntchito kumene wangoyamba kumene, wadikira kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko, nkumutulutsira katoni imodzi. Imodzi basi. Ananditumizira zithunzi, selotepi yomwe anamata ku Istanbul ndikuona inali yoyera, iyi inali ya bulauni yomata mokhotakhota. Mkati majinzi alimo, matisheti alimo koma seri iliyonse yaperewera imodzi, mabokosi a nsapato asanu ndi limodzi onse alimo, awiri opanda kanthu, atsala ndi timapepala tofewa tija basi. Ndiye kuti wina anakhala pansi bwinobwino, kusankha, kuyesa mwina, nkutseka bokosi mwaulemu. Kuti a msonkho amatsegula katundu ndikudziwa, ndi ntchito yawo, ndipo sindikuloza iwo chifukwa katoniyo yadutsa m'manja ambiri, koma popanda mndandanda wosainidwa ndikamuuza ndani kuti munali mapeyala asanu ndi limodzi?

Katoni yosowayo ndi imene munali zenizeni. Masuti atatu a mng'ono wanga, madiresi a ku Osmanbey, jekete ya amayi. Wa kwathu akuti analandira imodzi, wa ku Istanbul akuti anatumiza awiri, ndikapempha pepala la ndege losonyeza makilo amene ananyamuka onse awiri amangowerenga uthenga osayankha. Nditaopseza kuti ndikasuma anayamba za chipukuta misozi, ndipo apa mpamene ndinaphunzira china. Katundu wa pa ndege akasowa sakubwezera mtengo womwe unagulira, amawerengera pa kilo. Pangano la Montreal la 1999 linaika malire, kuyambira pa 28 Disembala 2024 ndi ma SDR 26 pa kilo, SDR ndi muyezo wa ndalama wa bungwe la IMF, kale anali 22, ndiye madola a ku America opitirira pang'ono 30 pa kilo, pokhapokha utanena mtengo weniweni wa katundu potumiza nkulipira yowonjezera. Diresi yabwino siikwana ndi kilo yomwe, ndiye werengerani nokha. Ndipo ngakhale tochepato woyenera kukatitenga ku ndege ndi amene dzina lake lili pa pepala, ndiye bambo yemweyo. Chomwe anandilonjeza mapeto ake, ndikuuzeni musaseke, akuti adzanditsitsira mtengo ulendo wina ndikadzatumizanso. Mxii.

Ndinaluzanso ya takisi fili, ija alendo amabwezeredwa msonkho wa zomwe agula akamatuluka m'dziko. Zina ndinagula m'mashopu a mu molo, anandilembera mafomu bwinobwino, msonkho wa pa zovala kumeneko ndi 10 peresenti, koma pa bwalo la ndege amafuna aone katunduyo ndi maso asanadinde, wanga anali kale mu katoni pansi pa masitepe. Ndiye chilichonse chomwe mukufuna kubwezeredwa msonkho chiyende nanu m'chikwama. Ndikawerengera pano, kugula chikwama chachiwiri cha 23 kg pa intaneti ndisanapite ku bwalo kukananditsikira kuposa zonsezi, ndikanabwera nazo kuno nkutumiza modekha.

Modekha ndikutanthauza kwa mayi wina wa kuno amene amasonkhanitsa katundu wa anthu nkutumiza kawiri pa mwezi, dzina sinditchula angadzati ndalipidwa. Pa kilo ndi wokwera, poyamba ndinkamuthawa chifukwa cha chomwecho. Ndinagulanso jekete ina ya amayi ndi suti imodzi nkupita nazo kwa iye. Anayeza pa sikelo ndikuona, anayeza katoni ndi tepi ndikuona, jekete anaiika mu pulasitiki yochotsa mpweya ija mpaka inaphwa ngati pilo wakale, tinalemba chinthu chimodzichimodzi, saizi, mtundu, mtengo, tonse kusaina, kujambula katoni isanatsekedwe ndi itatsekedwa. Nkundiuza mosabisa kuti msonkho wa kwathu suli momwemo, mukonzekere mwakuti, ndipo analemba pa lisiti. Masiku 12 katundu wafika, ndalama yomwe ananena ndi yomweyo, amayi akuimba vidiyo atavala jekete masana dzuwa likuswa mtengo kkkk. Mayi ameneyo wandipeza kasitomala mpaka kale.

Ndiye mukapita kukagula, wa kago musamupeze kudzera kwa wa shopu, ameneyo ali ndi yake pamenepo. Mawu oti zonse zili momwemo awalembe ndi kudinda, atchule msonkho, kiliyaringi ndi malo osungira payekhapayekha, akayamba kugwira pamtima m'malo mogwira cholembera nyamulani majumbo anu. Funsani amagawa ndi 5000 kapena 6000, mabokosi a nsapato tayani muike masokosi mkati mwa nsapatozo. Zodula musaunjike mu katoni imodzi ngati ine. Ndipo musatumize tsiku lomaliza, mukhale ndi tsiku loti mubwererenso mukaone ngati katundu wanyamuka.

Bambo uja ndimamulemberabe Lolemba lililonse, amawerenga, dzana wasintha chithunzi waika ali pa nyanja. Mukadzaona munthu wavala suti ya buluku yobiriwira saizi 38, batani la pansi losokedwa ndi ulusi wakuda m'malo mwa wobiriwira, ndinasokerera ndekha usiku mu hotelo, chonde mufunseni anaigula kuti mundiuze.