North by Northwest pa chimbale cha 4K: chithunzi chayera, zolakwika za 1959 nazo zaonekera

Kampani ya Warner Bros. inatulutsa North by Northwest pa chimbale cha 4K Ultra HD m'chaka cha 2024, filimu ya Alfred Hitchcock imeneyi itakwanitsa zaka 65. Chimbalechi n'choyenera ndalama zake, koma wogula adziwiretu kuti chithunzi chayera kwambiri moti msoko uliwonse umene amisiri a ku MGM, kampani imene inapanga filimuyi, anasoka mu 1959 ukuonekera poyera. Wina akhoza kuganiza kuti wagula chimbale chowonongeka, pamene akungoona filimuyo mmene anaipangira.

Gwero la kuyera kumeneku ndi njira yojambulira ya VistaVision, imene Robert Burks, mkulu wa makamera pa filimuyi, anagwiritsa ntchito. Pa kamera wamba filimu ya 35mm imayenda chotsika ndipo chithunzi chimodzi chimatenga timabowo tinayi ta m'mphepete. Pa VistaVision imayenda chopingasa, chithunzi chimodzi n'kutenga timabowo tisanu ndi titatu, ndiye malo ojambulapo amakula pafupifupi kawiri. DVD sinkatha kuonetsa zonse zimene zinali pa filimuyo. 4K ikuonetsa zambiri: ulusi wa suti yotuwa ya Cary Grant, wosewera wamkulu wa filimuyi, ukuoneka, nkhope za anthu okhala kumbuyo kwenikweni zikuzindikirika.

Cholakwika chotchuka kuposa zonse chili kumbuyoko. M'chipinda chodyera cha alendo pafupi ndi phiri la Mount Rushmore, pamene anasemapo nkhope za atsogoleri a dziko la America, Eve Kendall, amene akuseweredwa ndi Eva Marie Saint, akukangana ndi Roger Thornhill, amene akuseweredwa ndi Grant, n'kutulutsa mfuti m'kachikwama. Musayang'ane awiriwo. Yang'anani matebulo a kumbuyo kwawo, mbali ya kumanja. Pali kamnyamata kamene kakutseka makutu ndi zala mfuti isanalire, pamene akuluakulu onse omuzungulira akudya ngati sakudziwa kanthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: gawo lotere amalijambula kangapo, zipolopolo zongolira zimaphokosera m'chipinda chotsekeka, ndipo mwanayo anali ataloweza nthawi imene phokoso limabwera. Masiku amenewo panalibe sikirini yobwezera zimene kamera yangojambula kumene. Filimu inkapita kukatsukidwa, anthu n'kudzaiona mawa lake, osewera a kumbuyo atabalalika. Woonera naye analibe batani loimitsira. Maso onse anali pa mfuti, ndipo Hitchcock ndi George Tomasini, amene ankadula ndi kulumikiza filimuyi, ankadziwa bwino kumene maso a anthu amathamangira. Warner sinamufufute mwanayu ndi kompyuta, ndipo pamenepa yachita bwino kwambiri.

Cholakwika chachiwiri chimamveka ndi khutu koma chimagwidwa ndi diso. M'ngolo yodyeramo ya sitima ya 20th Century Limited, Eve akuuza Thornhill kuti sakamba za chikondi ali ndi njala. Milomo yake ikunena zina: mawu amene anajambula poyamba ankanena za kuchita chikondi, ndipo anawasintha pambuyo pake chifukwa oona za makhalidwe m'mafilimu a ku Hollywood sakanawalola. Sanajambulenso chithunzi, anangoika mawu atsopano pamwamba. Milomo ikutseka pa liwu loti make pamene khutu likumva discuss. Bwezani kawiri, mudzaona kusiyanako.

Zotsalazo si kuiwala kwa munthu ayi, ndi malire a zipangizo za nthawiyo. Chachikulu ndi kuonetsa kanema kumbuyo kwa osewera. Ankayamba ajambula msewu kapena mtsinje, kenako mu situdiyo n'kuuonetsa pa chinsalu chachikulu kumbuyo kwa wosewera amene wakhala m'galimoto yosayenda, kamera n'kujambula zonse pamodzi. Zakumbuyozo zajambulidwa kawiri, choncho zimafewa, mitundu yake imazilala, ndipo kuwala kwa pankhope ya wosewera sikufanana ndi kwa panjapo. Pa 4K kusiyanaku kwakula, chifukwa Grant wayera kwambiri pamene msewu wa kumbuyo kwake sungayere kuposa mmene unalili. Gawo limene lavutika kwambiri ndi lija Thornhill amamwetsedwa mowa mokakamiza n'kuikidwa pa chiwongolero usiku. Ndi gawo lofooka pa chimbale chonsechi, ndipo magomo otsetserekera m'nyanja aja amaoneka a ku California osati a ku Glen Cove pa Long Island kumene nkhaniyo ikuti tili.

Gawo la ndege yopopera mankhwala m'minda lapirira bwino, ngakhale lili ndi zake. Nkhani ikuti tili ku Indiana, dera la minda ya chimanga, koma anajambulira pafupi ndi Wasco ku California, n'chifukwa chake dziko lili gwa, fumbi lokhalokha. Pamene Grant akudzigwetsa pansi ndege ikudutsa pamutu pake, ali mu situdiyo ndipo ndegeyo ili pa chinsalu. Mudzaona thambo likusintha mtundu pang'ono pa zithunzi zimenezo. Ndege imene ikumuthamangitsa ndi ya mtundu wa N3N, koma imene ikuwomba galimoto yonyamula mafuta ndi Stearman. Zonse ziwiri ndi za mapiko awiri osanjikizana, zophunzitsira asilikali kuuluka, ndiye ndi ochepa amene amazindikira. Komabe pa gawo lomweli anasamala chinthu chimene mafilimu ambiri amachiiwala: suti ya Thornhill ikhalabe ndi fumbi mpaka kukafika ku hotela ku Chicago, kumene akuipereka kuti akaiyeretse. Anthu osasamala sakanachita zimenezi.

Mount Rushmore ya kumapeto si yeniyeni. Akuluakulu oyang'anira malowo sanalole kuti zachiwawa zijambulidwe pa nkhope za atsogoleri, choncho Robert Boyle, wokonza malo ojambulira, ndi anzake anamanga zigawo za phirilo mu situdiyo ku Culver City. Nyumba ya pamwamba pa phiri ya Vandamm, mdani wa Thornhill, kulibe. Zithunzi zoionetsa patali n'zopenta. Imitsani pamenepo, mudzaona pamene utoto wakumana ndi zomangidwa, koma ntchitoyo ndi yaluso moti ikuyenda simungaigwire msanga. Ku likulu la United Nations nako anawakaniza kujambula, ndiye chithunzi cha Grant akufika pa nyumbayo anachiba ndi kamera yobisidwa m'galimoto kutsidya kwa msewu. Pali china chimene chimbale chilichonse sichingakonze: Jessie Royce Landis, amene akusewera mayi ake a Thornhill, anabadwa mu 1896, Grant mu 1904, ndipo nkhope zikayera chonchi kuyandikana kwa zaka zawo sikubisika.

Kuti muone zonsezi moyenera, konzani TV yanu kaye. Zimitsani chija chimasalaza kayendedwe ka zithunzi, chimene makampani amachitcha mayina ngati TruMotion kapena Motionflow, chifukwa filimuyi imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi ndipo chosalazacho chimapeka zithunzi zina pakati, zakumbuyo zija n'kuoneka zabodza kuposa mmene zilili. Tsitsani sharpness mpaka pansi, zimitsani noise reduction, ndipo ngati pali Filmmaker Mode sankhani imeneyo. Timadontho timene mukuona tikuyenda pa thambo ndi ta filimu yeniyeniyo, si vuto. Zithunzi zikafewa kwa kamphindi pamene gawo lina likusungunukira mu linzake, ndi chifukwa malo amenewo ankawakopera pa filimu ina.

Kumbali ya mawu, pali Dolby Atmos yatsopano imene yatambasula nyimbo za Bernard Herrmann, komanso mawu akale a mono, otuluka pa njira imodzi yokha. Pofufuza zolakwika sankhani a mono. Ndemanga ya Ernest Lehman, mlembi wa filimuyi, ilipo. Amakhala chete nthawi yaitali, koma akayankhula amanena zimene anaziona yekha.

Chimbalechi sichisewera pa makina a DVD kapena a Blu-ray wamba. Pafunika makina a 4K Ultra HD, kapena PlayStation 5 yolowetsa zimbale, kapena Xbox Series X yolowetsa zimbale, ndi TV ya 4K yokhala ndi HDR. Ngati TV yanu ndi yaing'ono ndipo muli kale ndi Blu-ray ya 2009, kusiyana kwake sikudzakukwanirani ndalama zogulira makina atsopano. Amene ali ndi sikirini ya mainchesi 55 kupita m'mwamba agule osakayika.