Uta umene ndinasema ndekha, patapita miyezi 9

Mu Okutobala chaka chatha ndinakhala masiku awiri kwa mmisiri wina wa mauta kuno ku Hampshire, ku England, n'kusema uta wanga wautali wa Chingerezi. Chidwi chinandigwira nditaona mauta amene anavuulidwa m'chombo cha Mary Rose ku Portsmouth, chija chinamira mu 1545. Mauta amenewo ndi a mtengo wa yew. Ine mmisiriyo anandikaniza yew, ati ndi wodula ndipo wophunzira akaupala molakwa ndalama zonse zalowa m'madzi. Anandipatsa ash.

Tsiku limene ndinabwera nawo kunyumba, sikelo yoyezera mphamvu ya uta inkawerenga mapaundi 45 ndikakoka nsinga mainchesi 28. Lero ikuwerenga 40. Ndikamasula nsinga, utawo suwongokanso ngati kale, watsala wopindikira kumimba, mbali imene imayang'ana wolasa, pafupifupi mainchesi awiri. Kumbali ina ndi khalidwe la ash, umamwa chinyezi, ndipo dzinja la kuno ndi mvula yokhayokha. Koma mlandu waukulu ndi wanga. Loweruka lina mu Januwale ndinauiwala m'galimoto uli wokunga mpaka Lolemba m'mawa. Chibwerereni tsikulo sunakhalenso momwe unalili.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'china. Posema uta, msana wake, mbali imene imayang'ana chandamale, sukhudzidwa, umasiyidwa pa mzere umodzi wa mtengo kuchokera kumtunda mpaka kunsi. Kupala konse kumachitika kumimba, pang'onopang'ono, kwinaku mukuupachika ndi kuukoka kuti muone ngati mbali ziwirizo zikupindika mofanana. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinali nditatopa, manja ali matuza, ndiye ndinapala mopupuluma chakunsi kwa chogwirira. Mmisiri anandiuza kuti pamenepo pafooka. Ine ndinkaona kuti ndi bwinobwino. Pofika mwezi wachisanu panatuluka timizere ting'onoting'ono topingasa pamimbapo, chizindikiro choti mtengo ukuphwanyika ndi kupanikizika. Timizereto sitinakule kwenikweni, koma ndimatiyang'ana nthawi zonse ndisanakunge.

Nsinga ndasintha kamodzi. Ndimaipaka phula la njuchi, ndipo mtengowo ndimaupukuta ndi mafuta a linseed mwezi uliwonse. Nyanga ya kumtunda kokolekako nsinga inagwedera mu Epulo, guluu wamba anathetsa nkhaniyo.

Nanga kulasa kwake? Pa mayadi 30 mivi imalowa pa chandamale ngati dzanja langa lili bwino tsikulo. Kupitirira apo muvi umagwa msanga poyerekeza ndi mauta a anzanga a fiberglass. Umagwedezanso dzanja muvi ukamachoka, ndipo sabata zoyamba chigongono chinkandiwawa mpaka nditayamba kugwiritsa ntchito mivi yolemerako. Kukazizira ndimayamba ndaukoka theka maulendo angapo ndisanaukoke wonse, chifukwa mtengo wozizira ukaudzidzimutsa umatha kuthyoka. Ndipo sindibwereketsa. Mnzanga wina wamtali manja anaupempha, ndinamukana, mpaka pano amandinena kuti ndine woumira.

Amene akufuna kungolasa molunjika, agule uta wa kusitolo. Amene akufuna kuphunzira kusema, ash ndi woyenera kuyambira, koma apemphe masiku atatu m'malo mwa awiri. Ine ndili kale ndi mtengo wina umene ukuuma pansi pa bedi, ndinamata guluu kumapeto konse kuti usang'ambike. Ndidzaukhudza chaka chamawa.