Kombi ya bambo anga ndi ntchito ya Volkswagen yokonzanso galimoto zakale

Kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25 kunakhala Kombi ya malemu bambo anga kwa zaka 12, itakwezedwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala. Ndi T2, mtundu wachiwiri wa Kombi, ya mu 1972, imodzi mwa zimene Volkswagen inapanga ku Germany kuyambira 1967 mpaka 1979, ndipo injini yake ili kumbuyo, imazizira ndi mphepo, ilibe rediyeta. Nditaganiza zoidzutsa, ndinayamba ndafufuza kaye thandizo limene eni ake opanga galimotoyi amapereka, chifukwa sindinkafuna kuti chinthu chimene chinatinyamula banja lonse popita kumudzi ku Dedza chikathere m'manja mwa anthu ongoyerekeza.

Volkswagen ili ndi nthambi yosamalira ma Kombi akale yotchedwa Volkswagen Nutzfahrzeuge Oldtimer, yomwe ili ku Hannover, mzinda umene galimotozi zinayamba kupangidwako mu 1956. Nthambiyi inakhazikitsidwa mu 2007, ndipo kuyambira 2012 imalandira galimoto za anthu wamba n'kuzikonzanso, kaya mbali imodzi yokha kapena yonse yathunthu. Amisiri ake amaimasula galimoto, amadula chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri n'kuwotcherera china, amajambula zithunzi za ntchitoyo, ndipo pomaliza mwini wake amalandira chikalata chotsimikizira kuti inakonzedwa ndi kampani yomwe inaipanga. Kwa ine phindu lalikulu la ntchitoyi lili pa chinthu chimodzi: anthuwa akudziwa mmene galimotoyo inalili tsiku limene inatuluka m'fakitale, pamene ife kunoko timangodalira zimene akutiuza amene anaionapo kale.

Yanga sindinaitumize ku Hannover. Kuchokera ku Lilongwe, Kombi yosayenda iyenera kukwera lole mpaka ku doko la Beira kapena Dar es Salaam, ikwere sitima ya pamadzi, ikakonzedwe, ibwererenso njira yomweyo, ndipo zonsezi zimafuna ndalama zakunja zimene aliyense wa ife akudziwa kuvuta kwake kuzipeza ku banki. Choncho ndinatengako mbali ziwiri zimene munthu angathe kuzifikira ali kwawo konkuno, zomwe ndi satifiketi ya mbiri ya galimoto ndi masipeya a Volkswagen Classic Parts, nthambi yogulitsa masipeya a galimoto zakale.

Satifiketiyo imachokera ku Volkswagen ku Wolfsburg. Munthu amatumiza nambala ya chasisi, iwo n'kufufuza m'mabuku awo tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti, dziko limene inatumizidwa ndi zina zimene inabwera nazo. Nambala yathu imayamba ndi 232, ndipo 23 amatanthauza Kombi pamene 2 wachitatuyo ndi chaka cha 1972. Tonse m'banjamo tinakula tikuidziwa galimotoyi kuti ndi yobiriwira, koma pepalalo linati inatuluka yoyera, mtundu umene iwo amautchula Pastellweiss. Tsiku lomwelo ndinamasula kabodi ka mkati mwa chitseko n'kupala ndi mpeni, ndipo pansi pa penti wobiriwirayo panaoneka poyera ngati mkaka. Mayi anga ataona anakhala chete kanthawi, kenako anati akukumbukira kuti bambo anaipentetsa atangoigula kwa mwini wake woyamba. Kapepala kamodzi kanatibwezera mbiri imene inali itatsala pang'ono kuiwalika, ndipo pa ichi chokha ndikuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Masipeya anandigulira mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Germany, ndipo ntchito yonse anaigwira ndi makanika wina wachikulire wa ku Biwi amene anaphunzira umakanika pa galimoto zomwezi. Iyeyo ndiye anapeza zimene galaja ina inatichitira zaka zapitazo. Anayendetsa maginito m'munsi mwa zitseko, ndipo malo ambiri sanagwire, chifukwa anthu aja anangomata fila pamwamba pa dzimbiri n'kupopera penti. Pansi pa batire panali bowo loti nkhonya n'kulowa. Zinandipweteka mtima kwambiri, poti bambo analipira ntchito imeneyo akukhulupirira kuti galimoto yawo yachira.

Chimene ndinakhutira nacho kwambiri ndi malabala. Labala la galasi lakutsogolo linalowa mwakamodzi popanda kulidula kapena kulikoka, ndipo mdalayo anandiitana kuti ndidzaone ndekha mmene lagwirira m'makona, momwe madzi a mvula amakonda kulowera n'kuyambitsa dzimbiri. Anandionetsanso labala lozungulira injini, limene anthu ambiri amalinyoza, n'kundiuza kuti likang'ambika mpweya wotentha wochokera pansi umabwereranso ku fani, ndipo injini yozizira ndi mphepo siichedwa kupsa m'dzuwa la mu Okutobala. Mavavu anawatchera pa mamilimita 0.15 injini ili yozizira, monga buku la galimotoyi limanenera.

Sikuti chilichonse chiyenera kuchokera ku Germany. Dziko la Brazil linapitiriza kupanga Kombi mpaka 2013, ndipo ku Uitenhage ku South Africa ankapanga Microbus ya T3, mtundu wachitatu wa Kombi, mpaka 2002, motero ogulitsa masipeya a galimotozi alipo ndithu kumwera kuno. Zinthu ngati mapulagi, malamba ndi zingwe za kilachi tinazipeza ku Johannesburg pa mtengo wotsikirapo, ndipo zikugwira bwino ntchito.

Amene ali ndi T1, Kombi yoyamba ya magalasi awiri kutsogolo, yomwe masiku ano ndi yosowa ndiponso yamtengo wapatali, angachite bwino kuganizira za ulendo wa ku Hannover ngati thumba likulola. Kwa eni ma T2 ndi ma T3 a muno mu Lilongwe, ndikulangiza kuti ayambe ndi satifiketi asanagule ngakhale chitini chimodzi cha penti. Yathu tsopano ndi yoyera, inakwera mapiri a ku Dedza mwezi wathawu mayi atakhala kutsogolo, ndipo chatsala ndi chitseko cha m'mbali chija chotsetsereka, chimene tikudikira mawilo ake ang'onoang'ono kuti afike.