Kugwira kaboni dayokisaidi: amine yamadzi kapena yolimba?

Njira yakale ndi kudutsitsa utsi m'madzi osakaniza ndi amine, mankhwala amene amagwira kaboni dayokisaidi, monga MEA (monoethanolamine). Ndi yodalirika, ndipo siteshoni ya magetsi ya Boundary Dam ku Canada yakhala ikugwiritsa ntchito amine yamadzi kuyambira 2014. Vuto lake ndi kutentha kumene imafuna. Kuti mpweya wogwidwawo utuluke, madzi onsewo amatenthetsedwa mpaka pafupifupi madigiri 120, ndipo mphamvu yambiri imangothera m'madzimo. Amadyanso zitsulo.

Njira inayo imamata amine pa tinthu tolimba ta timabowo tambirimbiri, monga silika (chinthu chimene chimapezeka mumchenga). Poti palibe madzi ochuluka otenthetsa, madigiri 80 mpaka 100 amakwanira. Chimene chimandikopa kwambiri n'chakuti imagwira ngakhale mumpweya wamba, momwe kaboni dayokisaidi ndi 0.04 peresenti yokha. Fakitale ya Orca ya kampani ya Climeworks ku Iceland yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 2021.

Pa utsi wa malasha ndingasankhebe yamadzi. Yolimbayo imaonongeka ikakumana ndi okosijeni ili yotentha, utsi wa salufa umaiphanso, ndipo kuisinthasintha kumadya ndalama zambiri.