Zotetezera katundu zopangidwa ndi bowa: zolimba, koma zimadana ndi chinyontho

Ndimagulitsa makandulo a m'magalasi kuno ku Britain, ndipo powatumiza pa positi ndinasiya kugwiritsa ntchito foam yoyera ija yotetezera katundu m'makatoni. Tsopano ndimapakira m'zotetezera zopangidwa ndi bowa. Opanga ake amatenga zinyenyeswazi zotsala za mapesi a hemp (mtundu wa chamba wolimidwa chifukwa cha luzi lake), n'kuzisakaniza ndi mbewu ya bowa, n'kuthira m'chikombole. Pakatha pafupifupi sabata, ulusi woyera wa bowayo umakhala utalukana paliponse n'kumata zinyenyeswazi zija pamodzi. Kenako amaumitsa mu uvuni kuti bowayo afe, asamerenso. Amene analimapo bowa wa oyisitala m'majumbo a mapesi kumudzi akudziwa mmene jumbo limaumbikira likayera lonse.

Anatchukitsa lusoli ndi Eben Bayer ndi Gavin McIntyre, omwe anatsegula kampani ya Ecovative m'dera la New York mu 2007. Zanga ndimagula kwa opanga ena a konkuno.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi zimene zimapezeka akaziyeza mu labotale. Guluu mulibe, pulasitiki mulibenso. Ulusiwo uli ndi chitin, chinthu chomwe chimalimbitsa chigoba cha nkhanu, pamodzi ndi ma glucan (mitundu ya shuga yolumikizana ngati unyolo) ndi mapuloteni. Pokula, bowa amadyako lignin ndi cellulose, zinthu zimene zimalimbitsa mapesiwo, n'kusandutsa thupi lake, ndiye chomatira chimachokera m'zinyalala zomwezo. Khungu lakunja lili ndi mapuloteni okana madzi, moti dontho limangokhala pamwamba osalowa. Poti ntchito yanga ndi ya moto, ndinayesa kachidutswa pa lawi la kandulo: kanangoda n'kuchita makala, sikanasungunuke kapena kudontha.

Galasi limakhala bwinobwino m'malo mwake, osagwedera, ndipo makasitomala amachita chidwi akatsegula bokosi.

Zodandaula zilipo. Mtengo ndi wokwera kuposa foam, zimalemererako, ndipo m'mphepete mumayoyoka tifumbi tomwe timamatirira pagalasi, moti ndimayamba ndakulunga m'pepala. Chachikulu ndi chinyontho. Khungu lija likang'ambika, mkati mumamwa madzi, ndipo zomwe ndinasunga m'galaja nthawi yozizira zinafewa n'kuyamba kafungo ka nkhungu. Zisungeni pouma, pamwamba pa shelefu.

Kwa ogulitsa zinthu zosweka zamtengo wabwino, ndikuti gulani. Ogulitsa tinthu totchipa phindu lawo lingathere pamenepa. Ndipo uzani makasitomala aziphwanya tizidutswa asanaponye mu kompositi, chifukwa chathunthu chimachedwa kuola.