Mutu wa gemu pakati kapena pambali, mzere wakuda kapena wa selout?

Mukamaliza kujambula sikirini yoyamba ya gemu yanu, itumizeni pa foni, mutambasule mkono wonse n'kuiyang'ana patali choncho. Ngati dzina la gemu silikuwerengeka nthawi yomweyo, musathamangire kusintha mitundu. Kawirikawiri vuto limakhala pa malo amene mwaika zinthu, kapena pa mmene mwakokera mizere. Pa zonse ziwirizi pali njira zimene anthu ojambula pixel art (zithunzi zomangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli) amasiyana nazo maganizo, ndipo ine ndimaziyesa pa kukula kwa mapikiseli 320x180, komwe gemu ya Celeste ya 2018 inagwiritsa ntchito. Kukula kumeneku n'kwabwino chifukwa mukachulukitsa ka 4 mumapeza 1280x720, mukachulukitsa ka 6 mumapeza 1920x1080, ndipo pikiseli iliyonse imakhalabe ya mbali zofanana.

Njira yoyamba yosanjira zinthu ndi yoika chilichonse pakati. Amene anasewerapo Sonic the Hedgehog ya 1991 pa makina osewerera gemu a Mega Drive akukumbukira chizindikiro chachikulu cha mphete yokhala ndi mapiko, Sonic akutulukira mkati mwake, dzina lili pa riboni m'munsi, ndipo kumbuyo kukudutsa madzi ndi mapiri. Diso silisowa kopita. Ngakhale foni itadula pang'ono m'mbali, kapena zala za wosewera zitaphimba makona, chofunika chonse chimatsala poonekera. Kwa munthu amene akupanga gemu yake yoyamba, njira imeneyi siivuta kuigwira.

Ili ndi misampha yake komabe. Nambala 320 imagawika pawiri ndendende, choncho chinthu chimene m'lifupi mwake muli mapikiseli 101 sichingakhale pakati penipeni, chimapendekera mbali imodzi ndi pikiseli imodzi. Pa chithunzi wamba zimenezi palibe angazione, koma pano zimaoneka, makamaka mawu akuti Press Start akakhala pansi pa dzina n'kumasemphana nalo. Werengani m'lifupi mwa chilichonse musanachiike. Msampha wina ndi chida chojambulira mbali ziwiri nthawi imodzi ngati pagalasi. Chimafulumizitsa ntchito, koma mukachisiya choyatsa pothira mithunzi, kuwala kumakhala ngati kukuchokera kumanja ndi kumanzere komwe, ndipo chithunzi chimauma gwa. Jambulani nacho maonekedwe okha, kenako muchizimitse.

Njira yachiwiri ndi yokankhira munthu wa m'gemu pambali n'kusiyira dzina malo otakasuka. Mega Man 2, yomwe inatuluka ku Japan mu 1988, ndi chitsanzo chimene ndimabwererako nthawi zonse. Chithunzi chimakwera ndi nyumba yosanjikizana mpaka padenga, pomwe Mega Man waima chakumanja tsitsi likuuluka ndi mphepo, ndipo dzina limabwera mu mdima wa usiku umene unasiyidwa wopanda kanthu. Pa mapikiseli 256x240 okha, wosewera wadziwa kale kuti nkhani ikuchitikira mumzinda, usiku, ndipo pali wina amene akudikira nkhondo. Kuika zinthu pakati kumalengeza dzina, pamene kuika pambali kumayamba kusimba nkhani munthu asanadine batani.

Njirayi imafuna kudziletsa. Malo opanda kanthu aja amayesa munthu kuti awadzaze ndi mitambo, mbalame ndi nyenyezi, ndipo mukatero dzina limamira. Samalaninso ndi mizere yongokhudzana: nsonga ya lupanga ikagunda ndendende m'mphepete mwa chilembo, kapena mzere wa phiri ukadutsa molingana ndi phewa la munthu, diso limasokonezeka posadziwa chili patsogolo ndi chiti. Zinthu ziwiri zizibisana moonekeratu, apo ayi zitalikirane ndi mapikiseli angapo.

Pa mizere m'pamene pali ntchito yambiri. Mzere wakuda wozungulira chinthu chonse ndi wodalirika. Pa Game Boy ya 1989, gemu yonyamula m'manja yomwe inali ndi mapikiseli 160x144 ndi milingo inayi yokha ya kuwala, mzere wotere unkathandiza kwambiri kusiyanitsa munthu ndi zom'zungulira, ndipo mpaka lero umagwira ntchito pa chakumbuyo cha mtundu uliwonse. Mtengo wake ndi malo: munthu wamtali mapikiseli 32 amataya awiri, mmwamba ndi m'munsi, ndipo pa zala kapena pa tsitsi mzerewo umadya pafupifupi chilichonse. Choipa kwambiri n'kuzunguliza mzere wakuda pa zonse, munthu, mitengo, mapiri ndi mitambo yomwe. Zikatero zakutali zimafika pamphuno mofanana ndi zapafupi, sikirini n'kukhala ngati nsalu yodzaza maluwa yopanda poyambira kuyang'ana.

Selout ndi kusintha mtundu wa mzere potsatira kuwala. Ku mbali ya mthunzi mzere umakhala wodera kwambiri, ku mbali yowala umapepuka n'kuyandikira mtundu wa chinthucho, ndipo penapake umasowa kumene. Malaya ofiira amazunguliridwa ndi kufiira kwakuda m'malo mwa kuda kwenikweni. Chinthu chimaoneka chobulungira ndiponso chofewa. Ambiri amachenjeza kuti selout ndi yoopsa, ndipo akunena zoona pa kamunthu koyenda m'gemu, chifukwa mzere wopepuka umene umakongola pa thambo lowala umasanduka timadontho toyera kamunthuko kakalowa m'phanga lamdima. Koma sikirini yoyamba ndi nkhani ina. Ngati chakumbuyo chanu chaima malo amodzi, mukudziwa mtundu umene uli kuseri kwa pikiseli iliyonse ya m'mphepete, ndiye mukhoza kuisankhira mtundu woyenera mopanda mantha. N'chimodzimodzi ndi anti-aliasing yapamanja, kuika pikiseli ya mtundu wapakatikati pa kona ya sitepe kuti mzere usalale.

Apa m'pamene kasanjidwe ndi mizere zimakumana, ndipo ndikuona kuti ambiri amasankha chilichonse pachokha n'kudabwa pambuyo pake. Mukasankha dzina pakati ndi chakumbuyo choyenda ngati cha Sonic, mitundu ya kuseri kwa zilembo imasintha nthawi zonse, choncho pamafunika mzere wodera wolimba, ndipo kusalaza konse kuchitikire mkati mwa mzerewo. Mukasankha chithunzi choima chokhala ndi munthu pambali, selout ndi yanu.

Njira yachitatu pa nkhani ya mizere, yopanda mzere n'komwe, ndimaisungira zakutali. Mapiri ndi mitambo zisiyane ndi thambo mwa kuwala kokha, ndipo zikamatalikira ziziyandikira mtundu wa thambolo.

Mzere wa mtundu uliwonse umawonongeka ndi masitepe osalongosoka. Mzere wopendekeka wowongoka uzitsika ndi mapikiseli ofanana pa sitepe iliyonse: 2, 2, 2, 2 kapena 3, 3, 3. Wokhota uzichepa kapena kukula mwadongosolo, monga 5, 3, 2, 1, 1. Mukapeza 3, 1, 3, 2 pamenepo ndiye pali mano a sowo aja amene anthu amati jaggies. Palinso mapikiseli ophatikizana pa kona ngati chilembo L, amene amanenepetsa mzere pena ndi pena. Mapulogalamu ojambulira a Aseprite, LibreSprite ndi Pixelorama onse ali ndi kabatani ka pixel-perfect kochotsa ma L amenewa pamene mukukoka. Aseprite ndi yogula, pafupifupi madola 20, ndipo kwa ife amene kulipira zinthu pa intaneti ndi ndalama zakunja kumavuta, LibreSprite, yomwe ndi yaulere, imakwanira. Inaphuka kuchokera ku Aseprite yomweyo pamene laisensi inasintha mu 2016. Pixelorama nayo ndi yaulere. Koma dziwani kuti kabatani kaja sikakonza masitepe. Kamachotsa ma L basi, ndipo 3, 1, 3, 2 amatsala momwemo mpaka mutakulitsa chithunzi n'kuwerenga nokha. Chinanso, posalaza musaike mzere wa mtundu wapakatikati wotsatira mzere waukulu sitepe ndi sitepe mofanana kutalika. Zimenezi zimangonenepetsa masitepe aja m'malo mowabisa.

Zilembo za dzina zijambulidwe pamanja. Kuchepetsa font ya pakompyuta kumabweretsa miyendo ya zilembo yosiyana kunenepa, wina mapikiseli 3, wina 4. Kujambula dzina laling'ono n'kulikulitsa kawiri nakonso kumaonekera msanga, poti mapikiseli a dzina amakhala akuluakulu kuposa a chithunzi chonse.

Pa gemu ya pafoni, kapena ngati nthawi yachepa, ine ndingaike dzina pakati ndi mzere wakuda wochindikala bwino. Pa gemu ya pakompyuta yokhala ndi nkhani, ndimasankha munthu pambali atajambulidwa ndi selout, zakutali zopanda mzere, ndipo mtundu wakuda kwambiri pa sikirini yonse ndimausungira m'mphepete mwa dzina lokha. Ndikamaliza ndimachotsa mitundu yonse kuti chithunzi chikhale chotuwa, n'kuchitumizanso pa foni. Dzina likayamba kuoneka, munthu n'kutsatira, Press Start n'kubwera pachitatu, ndimabwezeretsa mitundu n'kupita kukajambula gawo loyamba la gemu.